Ntchito ya msonkho si ya pachipata pokha

Dzuwa likamatuluka pa chipata cha Mwanza, mathiraki amakhala atandanda kale. Ena achokera ku doko la Beira, ena ayenda masiku kuchokera ku Durban ndi ku Johannesburg, kudutsa m'dziko la Zimbabwe, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kudzafika pa Zobue. Madalaivala atopa, amayi a geni akhalira zikwama zawo, maejenti ali yakaliyakali ndi mapepala m'manja. Onsewa akudikira munthu mmodzi, wa yunifolomu amene ali kuseri kwa kauntala, kuti anene ndalama zimene katunduyo alipire asanalowe m'dziko.

Achinyamata ambiri akamva za ntchito ya msonkho, chimene amaona m'maganizo ndi chimenechi. Ndipo tisanamizane, ena sakopeka ndi yunifolomuyo ayi. Amakopeka ndi manong'onong'o a m'makwalala akuti wogwira ntchito pa boda sachedwa kumanga nyumba ya mpanda. Bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, lomwe timangoti MRA, likangolengeza kuti likufuna anthu, makalata amachita kusefukira, ndipo kholo limene mwana wake watengedwa limangoti basi, banja laiphula.

Komatu kauntala ya pa boda ndi kachigawo chabe ka ntchitoyi. Ndalama zambiri za msonkho sizichokera pa zipata. Zimachokera m'dziko mommuno: pa malipiro a anthu apantchito, pa phindu la makampani, pa sopo ndi mayunitsi zimene timagula tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri amene amazitolera savala yunifolomu, ndipo ena mwa iwo sali n'komwe pa ndandanda wa malipiro wa MRA.

Kumene mantha adachokera

Makolo athu sankaisirira ntchito imeneyi. Msonkho wa ndalama udabwera ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, pamene nyumba iliyonse idalamulidwa kupereka mashileni atatu pa chaka. Mzungu sankafuna ndalama yokhayo. Ankadziwa kuti munthu wopanda shileni akakamizika kukaisaka m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena kutsetsereka ulendo wa ku Halale ndi ku Joni. Amesenjala ankalowa m'midzi kusaka osapereka, amuna n'kumagona kutchire. Msonkhowu, umene pambuyo pake udasanduka wa pamutu, udapitirira ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, ndipo udatha m'zaka za m'ma 1990. Onjezanipo nkhani ya Zakeyu imene timaimva ku tchalitchi kuyambira tili ana, muona chifukwa chake mpaka lero wamsonkho akalowa pa golosale, mwini wake amayamba kaye wauma pakamwa.

MRA idakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la 1998, ndipo idayamba ntchito mu February 2000. Idaphatikiza nthambi ziwiri zimene kale zinali pansi pa unduna wa zachuma: ya kasitomu ndi ya msonkho wa pa zimene munthu wapeza. Sitinali oyamba. Uganda idachita zimenezi mu 1991, Zambia mu 1994, Kenya mu 1995, Tanzania mu 1996. Maganizo ake anali akuti otolera msonkho achotsedwe m'kaundula wa ogwira ntchito m'boma, akhale ndi bodi yawoyawo, azilemba ndi kuchotsa anthu okha, ndiponso azilipira bwinoko kuti wantchito asamakopeke msanga ndi kangachepe. Kwa wofuna ntchito, tanthauzo lake n'lakuti MRA imalemba yokha anthu ake, sidzera ku komishoni yolemba ntchito anthu a m'boma. Likulu lake lili ku Msonkho House mu mzinda wa Blantyre, ndipo mkulu wake amatchedwa Commissioner General.

Kufunika kwa bungweli kudaonekera poyera mu 2013. Nkhani ya Cashgate itaphulika ku Capital Hill, mayiko ndi mabungwe amene ankathandiza pafupifupi 40 peresenti ya bajeti adaimitsa thandizo lopita m'thumba la boma. Mu 2025 dziko la America nalo lidadula thandizo lake lambiri. Mphunzitsi, namwino, msilikali ndi mankhwala a m'chipatala, zonsezi tsopano maso ali kwa wotolera msonkho ndi ku ngongole. Ndiye ngati pali ntchito imene siitha msanga m'dziko muno, ndi imeneyi.

Zimene zimachitika kuseri kwa kauntala

Tiyambe ndi pa boda pomwepo, poti ndi pamene mitima ya ambiri ili. Ofesala wa kasitomu sangoyang'ana katundu n'kutchula ndalama imene yamubwerera m'mutu, ngakhale amalonda ena amakhulupirira choncho. Pa katundu aliyense amayenera kuyankha mafunso atatu, ndipo lililonse ndi sukulu payokha.

Loyamba: katunduyu n'chiyani? Likumveka ngati funso la mwana, koma ndi pamene pagona mikangano yambiri. Dziko lonse lapansi limagwiritsa ntchito kaundula mmodzi wotchedwa Harmonized System, wa bungwe la World Customs Organization la ku Brussels, amene adayamba kugwira ntchito mu 1988. M'menemo katundu adagawidwa m'magulu oposa 5,000, gulu lililonse ndi nambala yake ya madijiti asanu ndi imodzi, ndipo nambalayo ndi imene imatsogolera ku msonkho woyenera. Nsalu ya thonje ndi nsalu ya ulusi wopanga zili ndi manambala osiyana. Galimoto yonyamula anthu ndi yonyamula katundu zili m'magulu osiyana. Makina obwera ali omasulamasula m'makontena angapo, kodi ndi makina kapena ndi zitsulo? Ofesala akaphonya nambala, boma litaya ndalama kapena wamalonda alipira zosayenera kulipira.

Lachiwiri: mtengo wake weniweni ndi wotani? Lamulo limayambira pa ndalama imene wogula adalipiradi, kuphatikizapo zonyamulira ndi inshuwalansi. Vuto n'lakuti mainivoisi ena amalembedwa m'chipinda cha kuseri kwa shopu. Amene adaitanitsapo galimoto ya ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe akudziwa kuti mkangano wa pamenepo umakhala wa mtengo, chaka chimene galimotoyo idapangidwa ndi kukula kwa injini. Ofesala wosadziwa mitengo ya pa msika wa kunja amangopusitsidwa masanasana.

Lachitatu: wapangidwa kuti? Malawi ali mu COMESA ndi mu SADC, ndipo adalowa m'pangano la msika umodzi wa Africa yonse. Katundu wopangidwadi m'mayiko a m'mapanganowa amalowa pa msonkho wotsika kapena waulere. Koma chinthu chochokera ku China chikangopakidwanso m'katoni yatsopano ku Johannesburg sichisanduka cha ku South Africa. Kuzindikira zimenezi kumafuna maso ndi mutu.

Zonsezi zimachitikira pa kompyuta, mu ndondomeko yotchedwa ASYCUDA World imene idakonzedwa ndi nthambi ya United Nations ya UNCTAD. Palinso ena oyendetsa makina ounikira mkati mwa makontena, ena olondola katundu wongodutsa m'dziko muno kuti asatsitsidwe panjira, ndi gulu la FAST limene limathamangitsana ndi ozembetsa katundu m'misewu ndi m'njira zachidule. Pa Mchinji, chipata chimene Malawi ndi Zambia adachitsegula mu December 2022 chimalola kuti thiraki iime kamodzi kokha, maofesala a mayiko awiriwa n'kugwirira ntchito pamodzi. Wogwira pamenepo ayenera kudziwako ndi malamulo a anzathu a ku Zambia.

Kumene kuli ndalama zenizeni

Nthambi ya misonkho ya m'dziko ilibe phokoso, koma ndiyo imanyamula mtolo waukulu. Kumeneko kuli olembetsa okhoma msonkho ndi kuwapatsa nambala yowazindikiritsa, olandira mafomu a PAYE amene olemba anzawo ntchito amayenera kupereka pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndi a VAT amene tsiku lake ndi pa 25. Kuli otolera ngongole za msonkho, ntchito yosasangalatsa koma yofunika. Kuli ophunzitsa anthu, amene amayenda m'misika ndi kulankhula pa wailesi. Pamwamba pa onsewa ndingaike maodita, anthu amene amakhala pansi ndi mabuku a kampani, malisiti ndi masitetimenti a ku banki, mpaka apeze pamene nkhani ya pa pepala yasiyana ndi nkhani ya m'thumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo odita wopupuluma sapeza kanthu.

Pali ofesi yapadera yoyang'anira makampani akuluakulu okhaokha, monga mabanki, makampani a foni, a fodya, a shuga ndi a migodi. Ngati pali malo amene dziko lino likusowa akadaulo, ndi amenewa, ndipo chitsanzo chake chili ku Karonga. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera udatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya ku Australia ya Paladin. Mu 2015 bungwe la ActionAid lidatulutsa lipoti lonena kuti m'zaka zisanu ndi chimodzi Malawi adataya ndalama zokwana 43 miliyoni dola za America, zina chifukwa cha kuchotseredwa msonkho kumene boma lenilenilo lidavomera, zina chifukwa ndalama za chiwongoladzanja ndi zolipirira upangiri zinkadzera ku kampani ina ya gulu lomwelo ku Netherlands, dziko limene linali ndi pangano la msonkho ndi Malawi. Kampaniyo idakana kuti idalakwitsa kanthu, ndipo lipotilo silidanene kuti idaphwanya lamulo. Apa ndiye pali phunziro. Ndalama zotere sizituluka pa njinga ya kabaza usiku. Zimatuluka masana, m'mapangano olembedwa bwinobwino ndi maloya odziwa ntchito yawo.

Amene angaziletse ndi munthu wodziwa mmene makampani a gulu limodzi amagulitsirana katundu ndi upangiri pa mitengo yongopangana okha, ntchito imene akatswiri amaitcha transfer pricing, komanso wodziwa kuwerenga mapangano a msonkho a pakati pa mayiko. Lero kukukambidwa za migodi ya Kasiya ku Lilongwe, Kangankunde ku Balaka, Songwe Hill ku Phalombe ndi Kanyika ku Mzimba. Makampani amenewa abwera ndi akauntanti ndi maloya awo ochenjera. Mbali ya Malawi pa tebulo pakhala ndani? Mnyamata kapena mtsikana amene ali m'kalasi ya akaunti ku MUBAS lero, akadafunsa ine, ndikadamuuza kuti aiwale za boda, ayang'ane kuno.

Khomo lina limene latseguka ndi la makompyuta. Mu 2014 MRA idabweretsa timakina tosindikiza malisiti a VAT totchedwa EFD. Kenaka kudabwera Msonkho Online, yolola munthu kulembetsa, kupereka mafomu ndi kulipira ali pa ofesi yake. Padabweranso masitampa a Kalondola amene amamatidwa pa katundu ngati mowa ndi ndudu. Chilichonse mwa izi chimatulutsa manambala ochuluka zedi, ndipo manambalawo alibe phindu popanda munthu wotha kuwafunsa mafunso. Mwachitsanzo, munthu amene kasitomu ikuonetsa kuti adalowetsa makontena khumi, bwanji fomu yake ya msonkho ikuti sadagulitse kanthu chaka chonse? Kale zimenezi zinkadziwika mwamwayi. Lero wodziwa kusanthula manambala akhoza kuzitulukira asanamwe n'komwe tiyi wa mmawa. Olemba mapulogalamu, oteteza makompyuta kwa akuba ndi a masamu a chiwerengero, amene kale sankaganizako za msonkho, malo awo alipo.

Maloya nawonso. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la kayendetsedwe ka misonkho, pamodzi ndi lina lokhazikitsa bwalo lapadera lomva madandaulo a okhoma msonkho, la Revenue Appeals Tribunal. Mlandu uliwonse wofika kumeneko umafuna loya mbali zonse ziwiri, ndipo maloya odziwadi za msonkho m'dziko muno ndi owerengeka. Za ntchito zina zimene bungwe lililonse lalikulu limakhala nazo, monga oyang'anira antchito, ogula katundu, ofalitsa nkhani, madalaivala ndi amakaniko, sitichedwapo. Ziliko, ndipo zimalengezedwa ngati zinzake.

Kunja kwa Msonkho House

Cholakwika chachikulu cha ofuna ntchito n'kuganiza kuti akapanda kutengedwa ku MRA, nkhani ya msonkho yathera pomwepo. Pa ofesala mmodzi wa bungweli pali anthu angapo mbali inayo amene akudyera msonkho womwewo mwachilungamo.

Kampani iliyonse yooneka bwino imafuna munthu woisamalira pa PAYE, VAT, msonkho wodula polipira anthu ogulitsa katundu, ndi chiphaso chosonyeza kuti ilibe ngongole ya msonkho, chimene popanda icho makontilakiti a boma suwanunkha. Makampani owerengera anzawo ndalama monga Deloitte ndi EY ali ndi nthambi za msonkho zokhazokha, ndipo timakampani ting'onoting'ono ta alangizi tikuchuluka ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu chifukwa eni mashopu ndi makontilakitala ambiri mafomu amawazunguza mutu. Pali maejenti oombola katundu pa zipata, amene amagwira ntchito ndi chilolezo cha MRA. Awa musawasokoneze ndi madobadoba ongozungulira pa boda opanda ofesi. Ejenti wodziwa bwino manambala a katundu sasowa makasitomala, ndipo ndi imodzi mwa ntchito zochepa za m'gawoli zimene munthu wa dipuloma angadzilembe yekha.

Ku Capital Hill, mu unduna wa zachuma, kuli nthambi yokonza mfundo za misonkho. MRA imatolera, koma amene amaganiza kuti chaka chino msonkho uti ukwere, uti utsike, n'kukonza zimene nduna ikawerenge m'Nyumba ya Malamulo chaka cha boma chisanayambe pa 1 April, ndi akatswiri a zachuma a kumeneko. Makhonsolo nawo amatolera ziphaso za m'misika, malaisensi a bizinesi ndi msonkho wa nyumba ndi malo m'mizinda. Ambiri amaipeputsa ntchito ya ku khonsolo, komatu ndi kumene kuli chisokonezo chachikulu, ndipo pamene pali chisokonezo ndi pamene munthu wodziwa ntchito amaoneka msanga. Kwa amene akhwima, kuli mabungwe a kunja monga African Tax Administration Forum, limene lidakhazikitsidwa ku Kampala mu 2009 ndipo likulu lake lili ku Pretoria.

Polowera pake

Njira yodziwika ndi digiri ya akaunti, bizinesi, zachuma, malamulo, makompyuta kapena masamu, kuchokera ku sukulu ngati MUBAS, University of Malawi ku Zomba, Malawi College of Accountancy ndi zina zovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE. Mawu akuti zovomerezeka musawadumphe. Pepala la ku sukulu yosadziwika limathera mu dengu la zinyalala. Mayeso a ICAM, ACCA kapena CIMA amamuika munthu patsogolo, makamaka wofuna uodita. Otengedwa amakaphunzitsidwanso ku sukulu ya bungweli, Institute of Tax Administration, chifukwa zambiri za ntchitoyi sizipezeka m'kalasi ya ku yunivesite.

Wodikira mwayi asangokhala. Malamulo a Taxation Act, Value Added Tax Act ndi Customs and Excise Act sabisika, ndipo amene wawawerengako, n'kumatsatira zimene nduna yasintha mu bajeti ya chaka chimenecho, amaoneka msanga pa intavyu. Kuthandiza amalume anu kulemba mabuku a hadiweya yawo ndi kuwaperekera mafomu pa Msonkho Online ndi luso lenileni loti mungalitchule popanda manyazi. Chingerezi cholemba bwino chimafunika chifukwa lipoti la odita limakathera ku khoti. Chiyankhulo chachiwiri nacho si chocheperako: Chiswahili pa Songwe, Chipwitikizi pa Mwanza, Dedza, Muloza ndi Chiponde.

Chenjezo limodzi. Ulova wabala akamberembere amene amafalitsa ntchito zabodza pa WhatsApp ndi pa Facebook, n'kumati tumizani kangachepe pa foni kuti dzina lanu lilowe pa ndandanda. Ntchito yeniyeni imalengezedwa m'nyuzipepala ndi pa masamba a bungwelo, ndipo kufunsira ntchito sikulipiritsidwa.

Zimene chilengezo cha ntchito sichinena

Amene akulota za Mwanza ndi Songwe adziwe kuti zipata si zokhazo. Kuli Marka ku Nsanje, kumene kutentha kwake sikusewera. Kuli Nayuchi ku Machinga, Mqocha ku Mzimba, ndi zina za ku Chitipa zimene nthawi ya dzinja kufikako ndi nkhani. Ofesala amapita kumene watumidwa, amasamutsidwa kawirikawiri, amagwira usiku ndi pa tchuthi, ndipo banja nthawi zina limatsala m'tauni. Olimbana ndi ozembetsa katundu amakumana ndi anthu okwiya, nthawi zina mudzi wonse, chifukwa m'madera ena a m'malire kuwolotsa katundu ndiye munda wa anthu.

Palinso chikakamizo chochokera kumwamba. Chaka chilichonse bungweli limapatsidwa mlingo wa ndalama zoti litolere, ndipo mlingowo umatsikira kwa wantchito aliyense. Kumene chikakamizo chotere chingafikitse anthu tidakuona mu 2012, pamene nduna ya zachuma ya nthawiyo, Ken Lipenga, idavomera kuti MRA idakongola ndalama ku mabanki n'cholinga choti zioneke ngati bajeti yosadalira thandizo lakunja ikuyenda bwino. Manambala amenewo adadutsa m'manja mwa anthu ophunzira bwino. Wolowa ntchitoyi adziwiretu kuti tsiku lina akhoza kuuzidwa ndi bwana, kapena ndi wandale wa pa foni, kuti atseke maso, ndipo yankho lake ayenera kukhala atalikonza kale.

Tsono tibwere ku nyumba ya mpanda ija. Ziphuphu m'ntchito ya msonkho ziliko, ndipo wokana zimenezi akunama. Koma amene amasirira amangowerenga nyumba zimene zamangidwa, sawerenga anthu amene adachotsedwa ntchito, amene akuyankha milandu ya bungwe la ACB, kapena amene dzina lawo lidaipa moti palibe kampani ingawalembenso. Masiku ano chilichonse chimene ofesala wachita pa kompyuta chimasiya dzina lake, tsiku ndi ola, ndipo fayilo ikhoza kutsegulidwanso patapita zaka. Kuonjezera apo, ofesala amene wadya za wamalonda kamodzi wasanduka wantchito wa wamalondayo; mawa sangamukanize kanthu. Ndalama imene wagawana nayeyo ndi yomwe ija ikadagula mankhwala pa chipatala chimene mayi ake omwe amapitako.

Chimene ntchitoyi imapereka kwa munthu woongoka n'chokwanira: malipiro abwinoko poyerekeza ndi ambiri a m'boma, maphunziro opitirira, ndi luso loti ngakhale atachoka ku MRA mabanki ndi makampani amalithamangira. Makolo amene muli ndi ana ku sekondale, alimbikitseni masamu ndi Chingerezi, ndipo mwana akadzalowa ntchitoyi musamamufunse kuti anzake amanga kale bwanji iye ali pa lendi. Inu achinyamata amene mwagwira digiri m'manja, lembani makalatawo ndithu, koma yambani mwatsegula Taxation Act sabata ino.